Webusaiti ya kalabu yathu: kodi kafoni ka mabatani tikasiye panja?

 

Nkhani yomwe andipempha kuti ndiyankhulepo ndi ija yatigawa pawiri pa gulu la WhatsApp. Tonse tinavomereza kuti kalabu ikhale ndi webusaiti yakeyake, poti tiziikapo mwayi wa ntchito, mwayi wa maphunziro, masiku a misonkhano ndi fomu yolembetsera umembala. Pomwe tasiyana ndi pa funso ili: webusaitiyo tiipange poganizira foni ya ndani? Ena akuti tipange chinthu chooneka bwino, cha zithunzi zoyendayenda ndi makanema, choti bungwe lofuna kutithandiza likatsegula lidziwe kuti achinyamata awa sakuchita zamasewera. Ena akuti ayi, anzathu ambiri ali ndi timafoni ta mabatani kapena mafoni akale omwe achimwene awo anawasiyira, ndiye tisawatsekere kunja. Wina mpaka analemba kuti sitingabwerere m'mbuyo chifukwa cha Mose wa lero, ndipo timaemoji toseka tinagwa ngati matalala.

Ndineneretu maganizo anga kuti musavutike kuwasaka. Funso lakuti "foni iti" silitifikitsa kulikonse. Funso lotithandiza ndi lakuti munthu akamatsegula tsambalo wabwera kudzatani. Chimene wabwereracho chizitheka pa foni iliyonse. Zotsalazo, zokometsera, zipite kwa amene foni yake ingazinyamule. Koma pali malo amodzi pomwe ndikuti tisagonje ngakhale pang'ono, ndipo ndifikapo.

Poyamba timvane mawu, chifukwa si tonse tinatengako Computer Studies kusekondale, ndipo enafe tinaiphunzira pa bolodi, kompyuta osaikhudza. Browser ndi pulogalamu ija mumatsegulira masamba a pa intaneti: Chrome, Opera Mini, Firefox, Safari ya pa iPhone, kapena ija imabwera ndi foni yomwe dzina lake simulidziwa n'komwe. Tsamba lililonse limamangidwa ndi zinthu zitatu. HTML ndiye njerwa ndi denga: mawu, mitu ya nkhani, malinki ndi mafomu. CSS ndiye pulasitala ndi penti: mitundu, kukula kwa zilembo, chithunzi chikhale kumanja kapena kumanzere. JavaScript ndiye magetsi a m'nyumbamo: timapulogalamu tomwe timagwira ntchito m'foni mwanu kuti zinthu ziziyenda, zizitseguka, zizisintha zokha. Nyumba ya magetsi ndi yabwino, palibe angakane. Koma tonse tikudziwa mmene magetsi amachitira kuno. Munthu wanzeru samanga nyumba yoti magetsi akazima ndiye kuti chitseko nachonso sichitseguka.

Komatu ndi mmene mawebusaiti ambiri akumangidwira masiku ano. Chomwe chimafika m'foni poyamba ndi tsamba lopanda kanthu, limodzi ndi lamulo lakuti tsitsa JavaScript, ndiye ikulembera mawu onse. JavaScript ija ikalephera kufika, kapena browser ikapanda kuimva, mumangoona skirini yoyera mbee, kapena kabwalo kaja kozungulirazungulira mpaka mtima kuwawa. Nkhani yake ilipo ndithu, mwina ndi mizere khumi yokha, koma yatsekeredwa kuseri kwa geti ya magetsi.

Tiyeni tione Opera Mini, poti ambirife ndi yomwe inatilowetsa pa intaneti. Inatuluka padziko lonse mu 2006, kuchokera ku kampani ya ku Norway. Nzeru yake ndi iyi: mukapempha tsamba, foni yanu sipita yokha kukalitenga. Makompyuta a kampaniyo ndi omwe amalitenga, kulifinya kuti lichepe, kenako n'kukutumizirani lofinyidwalo. N'chifukwa chake bandulo imakhalitsa. Koma pa timafoni ta mabatani, kapena mukaitchera kuti isunge data kwambiri, JavaScript imagwira ntchito kumakompyuta kwawoko kwa timasekondi tochepa chabe, ndipo chomwe chimakufikani chimakhala ngati chithunzi cha mmene tsambalo linaonekera panthawiyo. Tsamba la mawu ndi malinki wamba limatuluka bwinobwino. Koma batani lomwe limadalira JavaScript kuti litumize fomu likhoza kungokhala duu, inu n'kumadina mpaka chala kutopa. Foniyo sinawonongeke, ndipo mwini wake si mbuli. Wasankha browser yosamala ndalama zake, basi.

Ndalama zimenezo tiziwerengeko pang'ono. A HTTP Archive, omwe amayeza masamba mamiliyoni ambiri, akuonetsa kuti tsamba lapakatikati pa intaneti masiku ano limapitirira ma MB awiri, ndipo zolemetsa kwambiri ndi zithunzi ndi JavaScript. Ndiye tengani mnzathu wogula kabandulo ka ma MB 50. Pa masamba olemera chonchi, akatsegula 25 bandulo yatha. Pamene tsamba la mawu okhaokha, la ma KB 50, akhoza kulitsegula pafupifupi maulendo 1,000 pa bandulo yomweyo. Wopanga webusaiti samva kupweteka kumeneku chifukwa nthawi zambiri amakhala pa Wi-Fi ya kuofesi kapena ya kukoleji. Wolipira ndi uja watsegula. Chithunzi chachikulu chija chomwe tikufuna kuika pamwamba, cha tonse titavala matisheti a kalabu, aliyense wobwera kudzaona tsiku la msonkhano adzachigula ndi mayunitsi ake, afune asafune. Ndi kangati munthu angagule chithunzi chomwecho?

Tsopano ndibwere pa mfundo yomwe ndaimva kawirikawiri, yakuti anthu a mafoni oterewa ndi ochepa, bwanji tivutikire anthu ochepa. Ndili ndi mayankho awiri.

Loyamba likuchokera ku Britain, dziko lomwe palibe anganene kuti kuli vuto la mafoni. Mu 2013, opanga webusaiti ya boma lawo, GOV.UK, anafuna kudziwa kuti ndi anthu angati omwe JavaScript siwafika. Anapeza kuti ndi munthu mmodzi mwa anthu 93 aliwonse. Chodabwitsa chinali ichi: omwe anaizimitsa dala kapena omwe browser yawo siimva anali ochepa, pafupifupi 0.2 pa 100 alionse. Ambiri, 0.9 pa 100, anali ndi browser yabwinobwino koma JavaScript sinawafike ndithu. Zifukwa zimakhala zambiri: netiweki kudukira panjira, makina a pakampani kutchinga zina, kapena kulakwika kwina kulikonse pakati pa seva ndi foni. Ngati zili choncho ku Britain, nanga kuno? Inu a foni yodula, simunakwerepo minibasi n'kuona 4G ikusanduka H, H n'kusanduka E, kenako zii? Panthawi imeneyo foni yanu ndi kafoni ka mabatani n'chimodzimodzi. Ndiye tikamati browser yofooka tisamaganize za anthu ena ake akumudzi kwinakwake. Ndi tonsefe, pa maola ena a tsiku, pa malo ena a msewu, komanso kumapeto kwa mwezi bandulo ikamapuma movutikira.

Yankho lachiwiri ndi la kawerengedwe. Zida zambiri zowerengera alendo a pa webusaiti zimadalira JavaScript yomweyo. Ndiye munthu amene JavaScript sinamufike sawerengedwa n'komwe. Komanso amene wayesa kawiri tsamba osatseguka sabweranso kachitatu. Pakatha miyezi itatu, wopanga amayang'ana manambala ake n'kunena kuti mwaona, aliyense wobwera kuno ali ndi foni yamakono. Zili ngati mphunzitsi kulowa m'kalasi n'kunena kuti amene sanabwere lero akweze mkono, kenako n'kulemba kuti onse alipo. Ife tili ndi mwayi woti sitikufunika chida chilichonse. Mayina a amembala ali m'kaundula. Tikhoza kungowafunsa mmodzimmodzi. Ndipo tisaiwale kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Ngati tikuti kalabu ikule, ikulira komweko, osati kwina.

Sindikufuna kuti a mbali ya zokongola aone ngati ndabwera kudzawazenga mlandu, chifukwa ali ndi mfundo zoona. Opanga webusaiti yathu ndi anzathu awiri kapena atatu, ongodzipereka, pa laputopu yobwereka. Sangayese tsamba pa browser iliyonse yomwe inapangidwapo padziko. Ngakhale makampani a ndalama zankhaninkhani amafika ponena kuti apa ndiye talekeza. Microsoft inasiya kusamalira Internet Explorer pa 15 June 2022. Google inachotsa Gmail ija ya mawu okhaokha kumayambiriro kwa 2024, ndipo mu January 2025 inayamba kufuna JavaScript kuti munthu afufuze pa Google penipenipo. WhatsApp nayo nthawi ndi nthawi imalengeza mafoni akale omwe yawasiya. Ndiye malire alipo, ndipo aliyense amaika ake. Kungoti makampani amenewa akamasiya anthu amakhala atawerengera kuti phindu lawo silichepa. Ife phindu lathu ndi anthu omwewo. Kutengera malire a Google osaganiza kuli ngati kuvala nsapato ya mnzako chifukwa yaoneka bwino pa phazi lake.

Nanga athu malire akhale pati? Pa maonekedwe, ine ndilibe chifundo chambiri. Palibe lamulo lakuti tsamba lizioneka chimodzimodzi pa foni iliyonse. Ngati pa Samsung yatsopano mitundu ikuwala, menyu ikutseguka motsetsereka, pamene pa ka Itel ka mabatani pakungooneka mawu akuda pa zoyera, palibe walakwiridwa, bola onse awerenga kuti ntchito ili kuti ndipo tsiku lotsekera ndi liti. Opanga asataye tulo pofuna kuti kafoni ka mabatani kaonetse ngodya zozungulira. Njira imeneyi ili ndi dzina lake, progressive enhancement, lomwe Steven Champeon analitchukitsa mu 2003. Tanthauzo lake ndi losavuta: yamba ndi HTML yomwe imagwira paliponse, kenako pakapo CSS, kenako onjezera JavaScript pamwamba. Chapamwamba chikagwa, chapansi chikhalepobe. Wikipedia imachita zomwezi. Browser yakale siilandira zonse, koma nkhani imawerengeka, ngakhale pa Wikipedia ya Chichewa. Ndipo tsamba loyamba lenileni la pa intaneti, lomwe Tim Berners-Lee anapanga ku CERN n'kulengezedwa kwa anthu mu 1991, mpaka lero limatseguka pa foni iliyonse m'kuphethira kwa diso, chifukwa ndi mawu ndi malinki basi.

Onani kuti dongosolo lake ndi lofunika. Mukayamba ndi chokongola n'kumati tidzakonzera mafoni akale pambuyo pake, ntchitoyo imakhala iwiri, ndipo tonse tikudziwa kuti "pambuyo pake" safika. Mukayamba ndi chapansi, ntchito imakhala imodzi yomweyo, kungoti yomangidwa mosanjikiza. Ndiye mfundo yakuti tilibe nthawi ikuikira kumbuyo njira imeneyi, osati kuitsutsa.

Tsopano ndafika pa malo aja ndinati tisagonje. Ndi pa chitetezo. Mukatsegula tsamba n'kuona adiresi ikuyamba ndi https, ndiye kuti zomwe mukulemba zikuyenda zotsekeredwa, wina wapakati sangaziwerenge. Maloko amenewa nawo amakalamba. Mu 2020 ma browser akuluakulu anasiya kulandira mitundu iwiri yakale, TLS 1.0 ndi TLS 1.1, chifukwa inali itafooka. Palinso nkhani ya satifiketi yomwe imatsimikizira kuti tsambalo ndi lenileni. Mawebusaiti ang'onoang'ono ambiri amatenga satifiketi yaulere kwa Let's Encrypt, ndipo mwina nafenso tidzatenga komweko. Koma mafoni a Android akale kuposa 7.1.1, yomwe inatuluka mu 2016, saizindikira satifiketi imeneyi paokha. Panali njira yapadera yomwe inkawathandiza, koma inatha mu 2024. Ndiye mnzathu wa foni yotere akhoza kulandira chenjezo lakuti tsambali si lotetezeka, ngakhale kuti ife tachita zonse moyenera.

Apa wina wachifundo akhoza kunena kuti ndiye tichotse lokoyo kuti aliyense alowe. Ayi. Fomu yathu izifunsa dzina, nambala ya foni, mudzi, mwina ndi nambala ya chitupa cha unzika. Pakati pathu pali atsikana omwe nambala zawo zikagwera m'manja olakwika, mauthenga opusa usiku sathanso. Pali akuba aja otumiza uthenga wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, omwe chakudya chawo ndi mndandanda wa mayina ndi manambala. Kufooketsa loko chifukwa cha foni imodzi ndi kuika pachiswe anthu onse, kuphatikizapo mwini foniyo. Komanso tisamaphunzitse anthu kuti chenjezo likabwera azingodina kuti pitirira. Lero adina pa tsamba la kalabu, mawa adzadina pa tsamba labodza la banki.

Chomwe tingachite ndi kumutsegulira khomo lina. Pa ichi dziko lathu lili ndi chitsanzo chomwe timachiona tsiku lililonse osachilabadira. Agogo kumudzi amalandira ndalama pa Airtel Money podina *211#, kapena pa Mpamba podina *444#, pa kafoni kopanda intaneti n'komwe. Makampaniwa ali ndi ma app okongola, koma sananene kuti wopanda app aiwale za ndalama. Anasiya khomo lomwe foni iliyonse ingalowere. Ife nambala yadinadina ngati imeneyo sitingaikwanitse, imafuna ndalama ndi mgwirizano ndi makampani a mafoni. Koma nambala imodzi ya kalabu yolandira ma SMS tingaikwanitse. Fomu ya pepala kwa alembi tingaikwanitse. Chofunika n'chakuti khomo linalo lilembedwe poonekera, pa tsamba lathu la Facebook ndi pa chikwangwani cha pakhomo paja, komanso kuti wolembetsa pa pepala asamaikidwe kumapeto kwa mzere ngati wochedwa.

Palinso zinthu zomwe mwachibadwa sizingatheke pa foni yaing'ono. Kanema ndi kanema, mapu oyendetsa ndi chala ndi mapu. Zimenezi tiziikabe, sindikuletsa. Koma kanema asamayambe yekha, adikire munthu adine. Ndipo pansi pa mapu tilembe m'mawu: mutsike pa siteji yakuti, mukhotere kumanja pa chigayo, holo ili kuseri kwa tchalitchi. Kunena zoona, malangizo oterewa amathandiza kuposa mapu ngakhale kwa wa foni yodula, chifukwa njira zambiri za m'makwalala mwathu pa mapupo palibe.

Ndidandauleko pang'ono za chizolowezi china, chifukwa chimandipweteka. Malonda a ntchito ambiri amazungulira ngati chithunzi. Wina wajambula nyuzipepala kapena wapanga positala, n'kuponya. Pa skirini yaing'ono timalemba timeneto sitiwerengeka. Wozimitsa zithunzi pofuna kusunga data saona kalikonse. Simungakopere adiresi ya imelo, muyenera kuilemba pamanja, ndipo mukaphonya chilembo chimodzi kalata yanu yapita kutchire inu osadziwa. Nanga mnzathu wosaona? Foni ya Android ili ndi TalkBack, yomwe imamuwerengera mokweza zomwe zili pa skirini. Mawu enieni imawerenga. Koma positala yopanda mawu oifotokoza, kwa iye ndi chithunzi chabe, ntchito ija yamudutsa. Ma PDF olemera nawo ndi chimodzimodzi: peji imodzi yokha koma ma MB asanu, ndipo kafoni ka mabatani nthawi zambiri sikatsegula n'komwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati positala ndi yokongola iikeni, koma mawu ake onse alembedwenso pansi pake.

Ndiye pali china chomwe sichikukhudza browser kwenikweni koma mapeto ake ndi omwewo. Ambirife sitigula bandulo ya intaneti yonse. Timagula ya WhatsApp kapena ya Facebook chifukwa ndi yotchipa. Munthu wotere akaona positi yakuti mwayi wa maphunziro, dinani apa kuti mumve zambiri, akadina linki ija sipita kulikonse, chifukwa bandulo yake sigwira kunja kwa Facebook. Foni ndi yabwino, browser ndi yatsopano, koma wathera pakhomo. Ambiri a inu mukuwerenga mawu anowa pa bandulo yotereyo. Choncho webusaiti ikabwera isakhale chifukwa choti mapositi athu asanduke malinki okhaokha. Zofunika zonse, ndani akufunika, atumize chiyani, kuti, pofika liti, zizilembedwa mu positi momwemo. Webusaiti ikhale nkhokwe yosungira, poti pa WhatsApp uthenga umakwiririka pakangotha tsiku limodzi.

Mwina mukufunsa kuti kodi webusaiti iliyonse iyenera kuvutika chonchi? Ine ndikuti ayi, zimatengera ngati munthu ali ndi kwina kopita. Wogulitsa nsapato pa intaneti akasankha kuti tsamba lake lizitseguka pa mafoni odula okha, ndi zake, wataya makasitomala ake ndipo ife tikagula kumsika. Koma tsamba loonera zotsatira za mayeso, lofunsira malo ku yunivesite, la chipatala, la boma, munthu alibe kwina. Likakana kutseguka ayenera kukwera galimoto kupita kutauni, kulipira pa kafe, mwina tsiku lotsekera n'kumudutsa. Tsamba lotere liyenera kutsika mpaka pa foni yotsikitsitsa yomwe chitetezo chingalole. Lathu lili pakati. Zithunzi za mpira wa Loweruka munthu akaziphonya sanataye kanthu. Koma chidziwitso cha bursary chomwe chikutseka Lachisanu, akachiphonya wataya chaka. Ndiye ngakhale m'kati mwa webusaiti imodzi, masamba onse sangalemere mofanana.

Amene munali ku Blantyre, Mulanje kapena Phalombe mu March 2023 mukukumbukira masiku a namondwe wa Freddy, yemwe anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Magetsi anazima, netiweki inkabwera n'kumapita, ndipo aliyense ankasunga kachaji kotsala ngati mchere. Panthawi ngati imeneyo, chomwe chimadutsa ndi mawu. Ku America, CNN ili ndi tsamba la mawu okhaokha, lite.cnn.com, ndipo inkalozera anthu kumeneko nthawi ya namondwe wa Irma mu 2017. Wailesi ya NPR nayo ili ndi text.npr.org. Ngati tsiku lina kalabu idzafunika kuuza anthu kuti msasa uli pa sukulu yakuti, kapena kuti mlatho wakuti wakokoloka, tsikulo lidzakhala lomwe netiweki ili yofooka kuposa masiku onse. Tsamba lomwe limatseguka pokhapokha zinthu zili bwino lidzatikana pa tsiku lomwelo.

Kwa anzathu opanga, pempho langa si lalikulu. Ngati mugwiritse ntchito WordPress kapena china chofanana nacho, sankhani maonekedwe opepuka, osati aja ali ndi zoyendayenda paliponse. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimakhala ma MB atatu kapena anayi, ndiye chichepetseni chifike cha m'ma KB 100 musanachiike. Pa skirini ya foni palibe adzaone kusiyana. Fomu ikhale yaifupi, yamabokosi wamba ndi batani wamba. Munthu akalakwitsa bokosi limodzi, zomwe analemba m'mabokosi enawo zisafufutike, chifukwa kulemba dzina ndi adiresi pa mabatani, kudina 7 kanayi kuti S atuluke, si ntchito yoti munthu aibwereze katatu. Akatumiza, tsamba limuuze m'mawu omveka kuti talandira. Ndipo mawuwo akhale a Chichewa, Chingerezi chikhale pambali. Kuyesa kwake n'kosavuta: mu Chrome pitani ku Settings, kenako Site settings, zimitsani JavaScript, n'kutsegula tsambalo. Ngati mwawerenga malonda a ntchito n'kutumiza fomu, mwakhoza. Mukatero yatsaninso, muike zokongola zanu zonse mmene mungafunire, ine ndidzakhala woyamba kuzitamanda.

Za bungwe lija tikufuna kulisangalatsa, ndingoti bwana wake naye akhoza kudzatsegula tsamba lathu ali m'galimoto pa msewu wafumbi, netiweki ili pa kadontho kamodzi. Ndipo akadzafunsa kuti achinyamata angati akumudzi analembetsa kudzera pa webusaitiyi, yankho lidzachokera m'kaundula, osati pa zithunzi zoyendayenda.

Pomaliza, a wapampando, ndili ndi pempho loti komiti ilivomereze lero. Webusaiti isalengezedwe isanayesedwe pa mafoni enieni a amembala. Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi foni yomwe amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, osati yobwereka kuti aoneke bwino. Amene muli ndi ka mabatani, musachite nako manyazi, ndi komwe tikukafuna kwambiri. Amene kunyumba kuli Tecno yakale yosweka skirini yomwe ikuyakabe, itengeni. Tidzaziyala patebulo, alembi adzalemba mtundu wa foni ndi browser yake, ndipo aliyense adzayesa zinthu ziwiri: kupeza tsiku la msonkhano wotsatira, ndi kutumiza fomu. Foni yomwe yakana tidzaona ngati vuto ndi lathu kapena ndi la loko, ndipo ya loko mwini wake tidzamulembetsa pa pepala pomwepo. Data ya tsikulo ndikupempha kuti ichoke m'thumba la kalabu, asungichuma atithandize. Mubwere mutatchajiratu, chifukwa soketi ya muholo muno ndi imodzi ndipo laputopu idzakhala pomwepo.